MWEZI WA BATA KU NYACHIKADZA

(Mawu amene amayi a Mvano ochokera ku Nyachikadza, m'boma la Nsanje, adayankhula pa tsiku la chikondwerero)

 Tafika bwino, ngakhale kuti zovala zathu zoyerazi tidazinyamula m'mapepala a pulasitiki ndipo tidachita kuvalira kutsidya, pakuti munthu wa kwathu savala zoyera asanatsike m'bwato.

Pamene uthenga udatipeza wakuti ifenso tidzapatsidwa mpata woyankhula pa tsiku lalikululi, tidakhala pansi kufunsana kuti tikanene chiyani. Ambiri adati tikanene za madzi, popeza ndicho chinthu chimene anthu amatidziwira. Munthu akangomva dzina lakuti Nyachikadza, m'maso mwake mumabwera amayi ali pamwamba pa chulu, mwana kumsana, nkhuku m'manja. Koma gogo wina, amene adalowa Mvano ambirife tisanathe msinkhu, adatikaniza. Iwo adati za Januwale ndi Malichi wathu anthu adamva kale pa wailesi, ndipo kuti tikakuuzeni za Ogasiti, mwezi umene palibe mtolankhani amabwera kudzatijambula. Tidaseka, koma pambuyo pake tidaona kuti gogowo adanena zoona. Chotero lero tabwera ndi nkhani ya mwezi wa bata, pamene kunja kwazizira, madzi abwerera m'malo mwake, ndipo ana atsekera sukulu.

Tiyambe takuuzani kumene tikhala, chifukwa ena mwa inu simunafikeko. Dziko la Mfumu Nyachikadza lili kunsi kwenikweni kwa Malawi, pakati pa mtsinje wa Shire ndi dambo la Ndinde. Kutsidya kwa Shire ndi Mozambique, ndipo kunja kukayera timaona phiri la Morrumbala. A maphunziro amati kumene Shire atulukira m'dziko muno ndiwo malo otsika kuposa ena onse m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja ya mchere. Ndiye kuti madzi onse a m'mapiri anu amathera kwa ife. Mvula ikagwa ku Mulanje, Ruo amaitenga nkudzaithira mu Shire pa Chiromo, ndipo Zambezi akadzaza, Shire amasowa kokhuthulira nayamba kubwerera m'mbuyo. Nchifukwa chake kwathu madzi amatha kulowa m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, popanda ndi dontho lomwe la mvula.

Koma zimenezo nza dzinja. Tsopano imvani za chisanu chathu.

Tikudziwa kuti amayi a ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene amadziwa chiperoni, ayamba kale kugwedezana zigongono pomva ife tikunena za chisanu. Inde, kuzizira kwathu nkwa masewera poyerekeza ndi kwanu. Koma kumbukirani kuti ife thupi lathu lidazolowera Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, pamene munthu amagona pabwalo pa mkeka nadzuka thukuta lili kamukamu. Tsono Juni ndi Julayi akafika, mphepo nkuyamba kuomba kuchokera kummwera, ife timanjenjemera ndithu. Mmawa nkhungu imakuta dambo lonse kotero kuti wopalasa bwato amamveka nkhafi yokha, mwini wake osaoneka. Nkhalamba zimatuluka ndi bulangete kudzaothera dzuwa kukhonde la kummawa, ndipo ana amakangana pa moto. Nkhuni kwathu nzosowa. Timasonkhera zitsononkho, mapesi ndi bango louma, moto wake wongoti lawi nkutha. Udzudzu umachepako koma sutheratu. Usiku munthu amagona tulo tenitweni, mosatchera khutu kumtsinje, ndipo mphatso imeneyi amaidziwa bwino ndi mayi yekhayo amene adagonapo miyezi itatu dzanja lili pansi kuti amve ngati madzi alowa.

Tikati bata musaganize kuti timangokhala. Kumtunda mwezi wa Ogasiti makasu amakhala atapachikidwa, koma kwathu ndiyo nthawi ya dimba. Madzi akamaphwera amatisiyira dothi lakuda lamatope, ndipo ife timawatsatira pambuyo: akatsika pang'ono tibzala, akatsikanso tibzalanso, kotero kuti m'munda umodzi mumapezeka chimanga china chikukhwima, china chikumasula ngayaye, china chikungomera kumene. Phando timakumba lakuya kuti mbewu ipeze chinyontho. Feteleza ambirife sitimudziwa mtengo wake, pakuti mtsinje womwe udatigwetsera nyumba ndiwo umatithirira manyowa. Mbatata, nyemba, maungu, khobwe, tomato, zonsezi zimacha pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Abambo amagona kumisasa ya kumunda kupirikitsa mvuu, chifukwa mvuu imodzi ikhoza kutha usiku umodzi chimene banja lalima mwezi wathunthu. Mmawa amabwera maso ali psuu, ndipo ife sitiwafunsa zambiri, timangowapatsa phala.

Apa mpamene pali yankho la funso limene mumatifunsa kawirikawiri, lakuti bwanji osangosamuka. Chigumula cha 1997 chitapita, Boma lidanena kuti malo athu ngoopsa ndipo anthu asamukire kumtunda. Ena adapita, ambiri adatsala, ndipo ena mwa opitawo adabwerera. Ife sitidabwere kuno kudzaweruza mlandu umenewo, ndipo kunena zoona, ngakhale mu Mvano wathu sitiganiza chimodzi. Alipo amayi amene adataya abale mu Januwale 2015, pamene Boma lidalengeza ngozi m'maboma 15, ndipo iwo amati atapeza malo enieni olima kumtunda akhoza kunyamuka mawa lomwe. Alipo ena amene amati manda a makolo awo sangawasiye. Koma tonse timagwirizana pa ichi: chaka cha chilala, monga 2016 ndi 2024, ndi abale athu a kumtunda amene amawoloka kudzagwira ganyu m'madimba mwathu kuti apeze mbatata ndi chimanga. Iwo amatilandira m'dzinja kwa Ndamera ndi ku Marka, ife timawalandira m'chilimwe. Ndiwo ubale wathu umenewo, ndipo wina asanyoze mnzake.

Tsono m'kati mwa zonsezi, kumapeto kwa Julayi, ana amatsekera sukulu. Aang'ono amene amaphunzira pafupi sitiona kusintha kwenikweni, kupatula kuti phokoso limayamba mmamawa. Koma a ku sekondale, amene amakhala kumtunda m'tinyumba ta lendi nkumadziphikira okha, amatsika m'bwato ndi kachikwama ndi kapoto kakuda bii, ataonda makosi. Sabata yoyamba amangodya. Mbatata yootcha mmawa, nsima ya mlamba kapena makakana masana, mondokwa madzulo, ndipo mayi amangoyang'ana mwana wake akubwerera m'thupi ngati mbewu yothiriridwa. Amabwera ndi Chingerezi chawo ndi mayendedwe achilendo, koma pakatha masiku atatu Chisena chabwerera pakamwa ndipo matope abwerera kumapazi.

Madzulo a mwezi umenewu ngokoma zedi. Ntchito ikatha timakhala pabwalo kusoka mphasa za bango ndi kuluka mikeka ya mlaza, atsikana akutokosa chimanga, anyamata akukonza mono ndi maukonde pamodzi ndi atate awo. Agogo amayamba nthano, ndipo ngakhale uja wa Fomu 4, amene amadziyesa wamkulu, amasendera pang'onopang'ono. Ena mwa ife tidaphunzira kuwerenga Baibulo m'madzulo otere, mwana wathu yemwe ali mphunzitsi, chala chake chili pa mzere, akutidzudzula mopanda ulemu. Tidapirira chipongwe chimenecho, ndipo lero timatha kutsegula tokha pamene Abusa atchula.

Amayi anzathu, tikadakonda kulekera pomwepa. Koma mwezi wa batawu uli ndi ng'ona yake, ndipo si ya mu Shire ayi. Ya mumtsinje timaidziwa: timaletsa ana kusamba pa dooko lakuya, timatunga madzi tili awiriawiri, ndipo pamene yagwira mbuzi mudzi wonse umamva. Inayi imabwera itavala nsapato.

Nthawi ya mbatata ndi nsomba zouma ndiyo nthawi imene ndalama imalowa m'mudzi, ndipo pamodzi ndi ndalamayo amabwera ogula ochokera kutali. Ambiri ndi anthu abwino, ofuna malonda awo basi. Koma chaka china tchuthi ngati chino, mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali ake, adabwera atamaliza Fomu 2. Adali mwana wanzeru, wa kwaya, amene ankatiwerengera makalata. Wogula wina adayamba kumutuma tinthu, kenaka kumupatsa sopo, kenaka nsalu, kenaka foni. Ife tonse tidaona. Tinene mosabisa pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu: tidaona, ndipo tidakamba, koma tidakambira kudimba, wina ndi mnzake, monong'ona. Palibe mmodzi adanyamuka kupita kwa azakhali aja. Wina adati si mwana wanga. Wina adati azakhaliwo ngaukali. Wina adati tidikire tsiku la Mvano, ndipo tsiku la Mvano litafika tidakamba za zopereka. Sepitembala atakwana, anzake adakwera bwato kubwerera kusukulu, iye adatsala. Mbatata itatha wogula uja adapita osabweranso, ndipo m'dzinja lotsatira tidamunyamula mtsikanayo usiku pa bwato, madzi ali odzaza, matenda a uchembere atamuyamba, thupi lake lisanakhwime. Ambuye adachita chifundo, onse awiri ali moyo. Koma usiku umenewo, tili m'bwato muja, palibe adayang'ana mnzake kumaso.

Titapita kwa azakhali aja pambuyo pake, mochedwa, tidapeza kuti sadali munthu woipa monga tinkaganizira. Adatifunsa funso limene mpaka lero limatilasa. Adati, "Inu amayi, pamene ndinkasowa ya lendi ya mwanayu, ya makope ndi ya sopo, mudali kuti? Lero mwabwera ndi Baibulo, bwanji simudabwere ndi sopo?" Tidalibe poyankha.

Kuyambira pamenepo tidasintha kachitidwe kathu pa tchuthi. Sitinena kuti tapeza nzeru zonse, tingokuuzani zimene timachita. Ana akangofika, sabata yomweyo timagawana makomo, ndipo mtsikana aliyense wa sukulu amakhala ndi mayi mmodzi wa Mvano, wosakhala mayi wake womubala, woti azicheza naye. Mwana amauza mayi wa mnzake zinthu zimene sangauze mayi wake, izi tonse tikuzidziwa chifukwa nafenso tidali atsikana. Kucheza kwake si kwa mpando ndi tebulo ayi. Timapita naye kudimba, tikumbe mbatata limodzi, nkhani zimatuluka zokha. Kalata ya Paulo kwa Tito, mutu 2, imapereka kwa amayi aakulu ntchito yophunzitsa aang'ono, ndipo ife tidaona kuti ntchito imeneyi tidaisandutsa ya tsiku limodzi la chilangizo, pamene iyenera kukhala ya mwezi wonse.

Ndiponso tidalima dimba limodzi la Mvano, la mbatata ndi nyemba. Zimene tigulitsa timasunga padera, ndipo sabata yotsegulira sukulu mtsikana aliyense wosowa amanyamuka ndi sopo, makope, nsalu za kumwezi, ufa pang'ono ndi ndalama ya bwato. Nzochepa, ndipo chaka chimene mvuu zatilowera zimachepa koposa. Koma taona kuti kawirikawiri chimene chimagwetsa mwana si chinthu chachikulu. Ndi sopo.

Tidaphunziranso malamulo, pakuti kale tinkangomva mphekesera. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asathe kuvomereza ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Ndiponso kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Ichi ambiri kwathu sankachidziwa. Mtsikana tanena uja adabwerera, mwana wake atasiya kuyamwa, ndipo khandalo tinkalerana mosinthana. Anzake ena ankamuseka, iye adalimba mtima.

Pali china chovuta kuchitchula pamaso pa abambo, koma tichitchula. Tchuthi chimenechi ndiyonso nyengo ya zinamwali za m'midzi. M'menemo muli malangizo abwino a ulemu ndi ukhondo, amene ifenso tidapindula nawo, ndipo sitinyoza anamkungwi. Koma malangizo aja ouza mwana kuti akatuluka akayese zimene wamva, aja amati kusasa fumbi, ife tidawakana, ndipo mafumu ambiri a m'boma lathu adawakananso. Mwana wa zaka 12 alibe fumbi loti asase. Chimene tidaona nchakuti kukalipa pa guwa sikuthandiza kwenikweni. Kumene kwathandiza nkukhala pansi ndi anamkungwiwo, amene ena ndi azakhali athu ndi apongozi athu, nkumvana mawu oti achotsedwe. Ena adavomera, ena akadali kutiyang'ana cham'mbali.

Anyamata nawonso tisawaiwale, ngakhale nthawi yatithera. Mnyamata akagwira nsomba masabata awiri nkugwira ndalama yakeyake m'manja, sukulu amayamba kuiona ngati yotaya nthawi. Apa tikupempha inu abambo a kumbuyoko: mwana wamwamuna amamvera amene amapalasa naye bwato.

Chotsiriza chimene timachita m'mwezi wa bata ndicho kukonzekera madzi. Yosefe ku Ejipito adasonkhanitsa tirigu m'zaka za dzinthu, osati m'zaka za njala, ndipo kwa ife zaka za dzinthuzo ndi Ogasiti ndi Sepitembala. Takhala tikuphunzira mowawa. Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Gombe patangopita milungu yowerengeka, kenaka Freddy mu Malichi 2023: anamondwe amenewa adabwera motsatana kotero kuti mwana wa Sitandade 5 wa kwathu amawatchula maina ngati abale ake. Makolo athu ankati chigumula chachikulu chimabwera kamodzi pa nthawi yaitali, munthu nkuiwala. Masiku ano sitipatsidwa mpata woiwala.

Tsono dzuwa likadali lofatsa, timafutsa masamba a khobwe ndi a maungu, timadula mbatata nkuyanika makaka, timaika mbewu ya chimanga m'zigubu zotseka bwino nkuipachika pamwamba. Ena amatumiza thumba limodzi kwa abale a kumtunda kuti likasungidwe kumeneko, chifukwa nkhokwe ya kwathu ili ngati ndalama yosungira m'thumba lobooka. Amene adadyapo nyika, tizinthu takuda tija timene timachita kumira m'dambo la ng'ona kuti tizule, safuna kuuzidwa kawiri za kufutsa. Abambo amakonza nsanja zothawirapo ndi kumata mabwato ong'ambika. Ife timayendera nyumba ndi nyumba kuona ngati chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, khadi la sikelo ndi satifiketi za ana zili m'pepala la pulasitiki, pamalo pamene munthu angazitole mumdima. Mudzaseka, koma tidaonapo mayi akulira chifukwa cha satifiketi ya mwana wake kuposa m'mene adalirira mbuzi zake zisanu.

Timawerenganso amayi oyembekezera. Amene masiku ake adzakwana pakati pa Disembala ndi Malichi timamulemba, ndipo timayamba msanga kukambirana ndi bambo wake ndi apongozi ake kuti adzawoloke nthawi ikadalipo, akadikirire pafupi ndi chipatala. Kukambirana kumeneku kumafuna miyezi, chifukwa apongozi ena amayankha kuti iwo adaberekera m'nyumba ana asanu ndi atatu. Timawayankha mwaulemu kuti inde mayi, koma tiwerengereni amene mudaika m'manda. Za madzi akumwa nazonso timakumbutsana, pakuti kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sidatilambalale ife a m'mbali mwa Shire. Ndipo neti ya udzudzu ndi yogonamo. Tikaipeza kudambo ikukokera nsomba kapena kudimba itatchinga tomato, mwini wake timamuyendera.

Nkhalamba ndi amasiye timawamatira nyumba mwezi womwewu, dothi likadali lofewa ndipo udzu ukupezeka. Ana a sukulu ndiwo amaponda dothi ndi kutunga madzi, ndipo ntchito imene ikadatenga sabata imatha tsiku limodzi, ndi nyimbo. Gogo aja adatituma kuti tinene za Ogasiti, nyumba yawo ndiyo yotsatira. Denga lake lidayamba kudontha m'dzinja lathali ndipo adakana kuti tiyambire kwa iwo, amvekere ayambe athandizidwa ena.

Amayi Wapampando, mudatifunsa m'kalata yanu ngati pali chimene nthambi zina zingatithandize. Zovala ndi mabulangete amene mumatitumizira m'nyengo ya madzi timathokoza ndi mtima wonse, ndipo adatifunditsa pamene tidalibe kanthu. Koma pempho lathu lero ndi lina. Atsikana athu amene amaphunzira kumtunda amakhala okha miyezi itatu m'tinyumba ta lendi, kutali ndi maso athu. Tikupempha kuti amayi a Mvano a kufupi ndi sukuluzo atengepo mmodzimmodzi, osati kumusunga m'nyumba ayi, koma kumudziwa dzina, kumuyendera, ndi kumufunsa Lamulungu ngati wadya. Maina awo tabwera nawo, ali ndi alembi athu, ndipo tikatuluka muno tikhala pansi pa mtengo uli pafupi ndi khomo lija.

Ndipo amene akufuna kudzaona dimba la Mvano abwere mwezi uno kapena wamawa, madzi akadali ofatsa. Mukafika ku Marka mutitumizire uthenga, tidzatumiza bwato lalikulu ndi wopalasa wodziwa njira. Mubwere ndi thumba lopanda kanthu la mbatata, ndipo zoyerazo muziike m'pulasitiki.